Zomwe ndikupanga pokonzekera thesis, sabata ndi sabata

Sabata 1

Thesis, kafukufuku wamkulu wolemba pomaliza maphunziro a ku yunivesite, ikuyamba semesita yamawa ndipo ndazindikira kuti kalembedwe ka ma assignment komwe ndakhala nako zaka zitatuzi sikandifikitsa patali ayi. Assignment umatha kuilemba usiku umodzi, kutolera zomwe anthu ananena, kuika ma reference kumapeto basi wamaliza, koma thesis ndi ntchito ya miyezi yambiri yoti munthu adzakhala nayo pansi nkumakufunsa kuti apa ukutanthauza chani, nanga izi wazitenga kuti. Nde ndaganiza kuti holide inoyi ndiphunzire kalembedwe kameneka pang'onopang'ono, ndipo ndizilemba zomwe ndapanga sabata iliyonse kuti ndiziona ngati ndikusuntha kapena ndikungozungulira pamodzimodzi.

Mutu womwe ndikuufuna ndi wokhudza mmene ophunzira a chaka choyamba amafufuzira zoti awerenge, amapita ku laibulale kapena amangodalira foni, komanso akapeza chinthu pa intaneti amadziwa bwanji kuti nchodalirika. Sunavomerezedwe koma ndi umene ndikuyeserera nawo.

Lachitatu ndinakumana ndi a lekichala omwe adzakhale a supavaiza anga, ndinawapatsa tsamba limodzi lomwe ndinalemba ngati mawu oyamba. Anawerenga osayankhula kanthu, kenako anatenga bolopeni yofiira nkulemba liwu limodzi lokha m'mphepete mwa ndime yachiwiri, "Ndiye?" Ndime imeneyo ndinkainyadira chifukwa inali ndi ma reference asanu, chiganizo chilichonse chikuyamba ndi dzina la munthu, uyu ananena zakuti, uyu anapeza zakuti, wachitatu anatsutsa, ine nkumaona ngati ndi mmene anthu ophunzira amalembera. Iwo amvekere "Anthu asanuwa ndawamva, koma inuyo mwaima pati? Mwawaitana onsewa kuti adzatani?" Ndinasowa choyankha. Tsambalo ndalimata pakhoma pamwamba pa tebulo lomwe ndimawerengerapo, ndime yomweyo ndi imene ndiziibwerera mpaka idzathe kuyankha funso lawolo.

Sabata 2

Sabata yonseyi yathera ku kufufuza, sindinalembe kanthu. Kale ndinkangolemba funso lonse pa Google nkutenga chilichonse chabwera pamwamba. Pano ndayamba kugwiritsa ntchito Google Scholar, Google yosakira mapepala a kafukufuku, mmene iyenera kugwirira, mawu awiri atatu omwe ayenera kukhala pamodzi ndimawatsekera m'ma quotation marks kuti asabalalike, ngati pali mawu awiri otanthauza chinthu chimodzi ndimaika OR wa zilembo zikuluzikulu pakati pake, ndipo kumanzere kuli posankhira zaka kuti usamangopeza zakale zokhazokha. Koma chomwe chandithandiza koposa ndi kaja kolembedwa "Cited by" kamene kamakhala pansi pa pepala lililonse. Ukapeza pepala limodzi labwino nkudina pamenepo umaona onse amene analitchula pambuyo pake, uko ndi kupita kutsogolo, ndipo ukayang'ana ma reference ake kumapeto umabwerera mmbuyo kwa omwe analemba iye asanalembe. Pepala limodzi lokha landifikitsa kwa ena 11 omwe sindikanawapeza ndikanangosaka ndi mawu.

Chovuta nchakuti mapepala ambiri abwino ndi otsekedwa, amafuna ulipire kapena ulowere ku akaunti ya laibulale. Nthawi zina ukadina "All versions" umapeza PDF yomwe wolembayo anaika yekha pa webusaiti ya yunivesite yake. Palinso webusaiti ya DOAJ komwe kuli ma journal, magazini osindikiza kafukufuku, aulere kuwerenga ndipo amayamba awaunika kaye asanawalowetse. Ndaphunziranso kuti si journal iliyonse yokhala ndi dzina lomveka bwino yomwe ili yodalirika, alipo ena osindikiza chilichonse bola wolemba walipira, osaunika ndi komwe, amawatcha predatory journals. Pepala lina lomwe ndinali nditasunga kale ndinaona pa tsamba loyamba kuti linalandiridwa ndi kusindikizidwa pasanathe sabata, pomwe peer review yeniyeni, kuunika komwe akatswiri ena amachita pepala lisanasindikizidwe, nthawi zambiri imatenga masabata ambiri kapena miyezi. Ndalichotsa, ngakhale linkanena ndendende zomwe ndimafuna kumva, ndipo zimenezo nzomwe zinandiwawa.

Kawerengedwe nakonso ndasintha. Mapepala ambiri a kafukufuku amatsata dongosolo limodzi lomwe amalitcha IMRaD, mawu oyamba, njira yomwe anatsata, zomwe anapeza, kenako kukambirana tanthauzo lake. Ukadziwa zimenezi sufunika kuyamba pa mzere woyamba mpaka womaliza ngati nthano. Ndimayamba abstract, chidule cha pepala lonse chomwe chimakhala koyambirira, nkudumphira kumapeto kuona zomwe akuti apeza, ngati zikukhudza mutu wanga ndipamene ndimabwerera ku njira kuti ndione anafunsa anthu angati, ndani, motani. Mapepala ena amathera pa abstract pomwepo ndipo sindidandaula.

Ndaikanso Zotero, pulogalamu yosungira ndi kukonza ma reference, pa laputopu. Ndi yaulere, ili ndi kachida ka mu browser koti ukadina kamasunga pepala lonse ndi dzina la wolemba, chaka, journal ndi zina zonse, komanso imalumikizana ndi Word. Koma ndaona kuti uyenera kumayang'ana zomwe yasunga, mapepala awiri inawasunga opanda chaka ndipo lina dzina la wolemba linalowa malo a mutu.

Sabata 3

Sabata ino yandichititsa manyazi koma ndi imene ndaphunzira zambiri.

Ndinkadziwa kuti kukopera ndi mlandu waukulu, ndipo ndinkadziona ngati munthu wosakopera chifukwa ndimasintha mawu komanso ndimaika dzina la mwini wake kumapeto. Lolemba ndinaika chiganizo changa pafupi ndi chiganizo cha wolemba yemwe ndinatengako. Chake chinali ndi mawu 24, changa 23. Pomwe iye analemba "students" ine ndinaika "learners", pomwe analemba "use" ine "utilise", ndinasuntha kachigawo kamodzi kupita kumapeto, basi. Mafupa a chiganizo onse anali ake, ine ndinangochiveka malaya ena. Ndinapeza kuti zimenezi zili ndi dzina, Rebecca Moore Howard anazitcha patchwriting, kusoka zigamba pa nsalu ya mwini wake, ndipo anafotokoza kuti kawirikawiri zimachitika pomwe wophunzira sanamvetse bwino zomwe akuwerenga, osati kuti akufuna kuba. Zimenezo nzoona kwa ine. Chiganizo chija sindinkachimvetsa, ndichifukwa chake ndinkaopa kuchoka patali ndi mawu ake.

Nde ndayamba njira ina. Ndimawerenga chigawo, nkutseka PDF, nkudzifotokozera mokweza m'Chichewa ngati ndikuuza mng'ono wanga yemwe sanawerengepo zimenezi. Ngati ndikukanika kufotokoza ndiye kuti sindinamve, ndimatsegulanso nkuwerenga kachiwiri. Ndikatha kufotokoza ndimalemba mu kope m'Chichewa momwemo, kenako ndimalemba Chingerezi kuchokera mu kope langalo osati pa pepala lija, pomaliza ndimatsegula kuyerekeza kuti ndione ngati sindinapotoze tanthauzo. Zimatenga nthawi yaitali, ndime imodzi inanditengera pafupifupi ola lathunthu, koma chiganizo chomwe chimatuluka chimakhala changa ndipo ndikhoza kuchiteteza munthu atandifunsa. Reference imakhalabe pomwepo, paja ganizolo ndi la mwini wake olo mawu atakhala anga.

Chinthu chachiwiri ndi tebulo la zowerenga. Ndatsegula Excel, mzere uliwonse ndi pepala limodzi, ndipo pamwamba ndalemba mitu iyi: wolemba ndi chaka, funso lomwe ankafuna kuyankha, anafunsa ndani komanso angati, njira, anapeza chani, chomwe sanachite, ndi malo omaliza olembamo maganizo anga. Poyamba ndinkaona ngati ndi ntchito yongotaya nthawi mpaka nditalowetsa mapepala 14 nkusiya kuwerenga mopingasa, ndinayamba kuwerenga chotsika, mutu umodzi kuchokera pamwamba kufika pansi. Pansi pa njira ndinaona kuti pafupifupi onse omwe ndawerengawa anagwiritsa ntchito questionnaire, kufunsa ophunzira kuti mumatani mukamafufuza, awiri okha ndi omwe anakhala pansi ndi ophunzira nkumaonerera zomwe akupangadi pa kompyuta. Komatu zomwe munthu amanena kuti amachita ndi zomwe amachitadi sizikhala zofanana nthawi zonse, ine ndemwe ndikanayankha kuti sindikopera. Apa ndipomwe ndinamva koyamba kuti mwina ndili ndi chonena, osati kungobwereza za anthu. Sindikunena kuti ndapeza gap, mpata womwe ena sanaufufuze, mapepala 14 ndi ochepa kwambiri kuti ndinene zimenezo, koma ndadziwa koyang'ana.

Sabata 4

Sizinayende. Laputopu inazima Lachiwiri osayakanso mpaka Lachisanu, ndipo zomwe ndinawonjezera mu tebulo lija masiku atatu zinapita chifukwa fayilo inawonongeka. Kope lija la Chichewa ndi lomwe landipulumutsa. Pano chilichonse chili malo atatu, pa laputopu, pa flash ndi pa intaneti, ndipo mafayilo ndimawapatsa dzina lokhala ndi deti m'malo mwa "final" ndi "final2".

Masiku omwe ndinalibe laputopuwo ndinayesa kufunsa chida china cha AI pa foni kuti chindipatse mapepala okhudza mutu wanga. Chinandipatsa asanu, ooneka bwinobwino, mayina, chaka, journal, mpaka DOI, nambala yapadera yopezera pepala pa intaneti. Nditasaka, awiri kulibe kulikonse, DOI yake siitsegula kanthu. Ndikanangowaika mu thesis bwenzi ndikutchula anthu pa zinthu zomwe sanalembe. Lamulo lomwe ndadziikira ndi loti chomwe sindinatsegule ndi kuwerenga ndi maso anga sichilowa mu ma reference.

Sabata 5

Ku dipatimenti kwathu amafuna APA, dongosolo la kalembedwe ka ma reference, nde sabata ino ndinakhala nayo pansi, ya nambala 7 yomwe inatuluka mu 2019, chifukwa zina zomwe ndinazolowera zinali za yakale. Mwachitsanzo olemba akakhala atatu kapena kuposa apo umangolemba woyamba ndi et al., kutanthauza "ndi ena", kuyambira koyamba komwe, sufunikanso kuwatchula onse ulendo woyamba. Ukatenga mawu a munthu ndendende uyenera kuika nambala ya tsamba, ndipo akafika 40 kapena kuposa amakhala paokha ngati kandime kolowa mkati, opanda ma quotation marks. Ku ma reference mndandanda umatsata alifabeti, dzina la journal limapendekeka, DOI imalembedwa ngati linki yoyamba ndi https://doi.org/. Zotero imapanga zambiri mwa izi yokha koma ngati iweyo sukudziwa mmene ziyenera kuonekera sungaone pomwe yalakwitsa.

Chomwe chinandigwira mtima ndi nkhani ya kutchula pepala lomwe sunaliwerenge, unangoliona litatchulidwa ndi munthu wina. Ndakhala ndikupanga zimenezi kuyambira chaka choyamba osadziwa kuti nkulakwa. Choyenera nkusaka pepala loyambalo uwerenge wekha, zikakanika umalemba "as cited in" kuti owerenga adziwe kuti unamva kudzera kwa wina. Ndinasaka limodzi lotere nkupeza kuti wolemba woyambayo ankanena za ophunzira a sekondale, pomwe amene anamutchulayo analemba ngati ankanena za a yunivesite, ine ndinali nditatengera cholakwika chomwecho. Ndipamene ndamvetsa kuti reference si chokongoletsera, ndi njira yoti munthu wina aitsate akaone yekha ngati ukunena zoona.

Mnzanga wina amangofunsa kuti Turnitin, pulogalamu yoyerekeza zomwe walemba ndi zolemba za ena, iyenera kuonetsa maperesenti angati kuti udutse. Mmene ndamvera ine, nambala imeneyo imangoonetsa kuchuluka kwa mawu ofanana ndi zomwe zili kwina, imatha kuwerengera ngakhale ma reference ndi mawu omwe wawaika bwinobwino m'ma quotation marks, ndipo munthu akhoza kukhala ndi nambala yotsika koma ataba ganizo la wina osamutchula. Nde sindikufuna kulemba mothamangitsana ndi nambala.

Sabata 6

Ndabwerera ku ndime ya pakhoma ija.

Ndinawerenga za John Swales yemwe anaunika mmene mawu oyamba a mapepala a kafukufuku amalembedwera nkupeza kuti ambiri amayenda masitepe atatu, njira yomwe imadziwika kuti CARS. Choyamba umaonetsa kuti nkhaniyi ndi yofunika komanso zomwe zikudziwika kale, chachiwiri umaonetsa pomwe pali mpata, chomwe sichinayankhidwe kapena chomwe anthu sakugwirizana, chachitatu umalowa mu mpatawo nkunena kuti kafukufuku wako achita chani. Ndinatenga mapepala atatu omwe ndimawakonda nkupaka mitundu itatu pa mawu awo oyamba, ndipo onse atatu masitepewo anaoneka, sitepe yachiwiri nthawi zonse ikuyamba ndi "however" kapena mawu ena otembenuza. Nditapaka tsamba langa lija linatuluka mtundu umodzi wokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinkangoima pa sitepe yoyamba. "Ndiye?" wa a supavaiza uja ankafunsa masitepe awiri otsalawo.

Ndailembanso ndimeyo kanayi. Pano imayamba ndi chiganizo changa, chopanda dzina la munthu aliyense, chonena kuti zambiri zomwe ndawerenga za mmene ophunzira amafufuzira zachokera pa zomwe ophunzirawo amanena okha. Kenako anthu atatu mwa asanu aja amalowa pamodzi mu chiganizo chimodzi ngati umboni wa zimenezo, wachinayi amalowa payekha chifukwa iye anaonerera ophunzira nkupeza zosiyana, ndipo ndimafotokoza kuti kusiyanako kukuoneka kuti kukuchokera ku njira yomwe anatsata. Wachisanu ndamuchotsa, sankathandiza chilichonse pa mfundoyi, ndinangomuika kuti ma reference achuluke. Chiganizo chomaliza chimanena zomwe ine ndikufuna kuchita. Ndime yafupika ndi mizere itatu koma ikunena zambiri kuposa kale.

Ndaphunziranso kuchepetsa mphamvu ya mawu. Ndinkakonda kulemba "proves" ndi "all students", pomwe kafukufuku wa anthu ochepa pa sukulu imodzi sangatsimikizire chinthu cha ophunzira onse. Pano ndimalemba "suggests", "may", "in this sample", osati chifukwa cha mantha koma kuti mawu alingane ndi kukula kwa umboni womwe ulipo. Koma osapitirira nazo, ndinapeza chiganizo china chomwe ndinaikamo mawu okayikira atatu mpaka sichinkanenanso kanthu. Academic Phrasebank ya University of Manchester yandithandiza kuona mmene anthu amalumikizira maganizo, poyerekeza, potsutsa mwaulemu, posonyeza malire a kafukufuku, ngakhale ndikusamala kuti ndisamangodzaza tsamba ndi mawu okonzedwa kale opanda ganizo mkati.

Za mawu akuluakulu ndasiya. Ndinkasaka liwu lovuta kuti ndioneke wodziwa, koma mapepala omwe ndawamva bwino kwambiri ndi olembedwa ndi mawu wamba, ziganizo zazifupi ndi zazitali zosakanikirana, liwu limodzi pa chinthu chimodzi osalisinthasintha. Ukayamba ndi "first-year students" upitirize choncho, ukasintha kukhala "novices" owerenga amaganiza kuti ndi gulu lina.

Kuti ndizilemba tsiku lililonse ndikugwiritsa ntchito njira ya Pomodoro, mphindi 25 kulemba foni ili kutali, mphindi 5 kupuma. Mammawa ndimakwanitsa maulendo atatu mutu usanatope. Polemba sindikonza kanthu, kukonza ndi kwa madzulo, ndipo ndimawerenga mokweza chifukwa pomwe lilime lapunthwa ndi pomwe chiganizo chili ndi vuto.

Sabata 7

Ndinawatumizira a supavaiza masamba awiri, ndime ija ili momwemo, ndipo Lachinayi tinakumana. Pa ndime ija sanalembepo "Ndiye?", anangochonga nkupitirira, mtima wanga unakhala pansi. Koma bolopeni yofiira inagwira ntchito kwina. Funso langa la kafukufuku akuti ndi lotambalala kwambiri, muli mafunso atatu mkati mwa limodzi, laibulale, foni, ndi kudalirika kwa zomwe apeza, ndipo pa nthawi yomwe ndili nayo ndisankhe limodzi. Anafunsanso kuti liwu loti "chodalirika" ndidzaliyeza bwanji, ndidzaona chani kuti ndinene kuti wophunzira uyu waunika pepala ndipo uyu sanaunike. Sindinaliganizirepo funso limeneli ndipo mpaka pano likundizungulira m'mutu. Anandikumbutsanso kuti ngati ndikufuna kuonerera ophunzira akufufuza ndiyenera kupeza kaye chilolezo cha ethics, chosonyeza kuti kafukufuku wanga salakwira anthu otenga nawo mbali, ndi kukonza fomu yoti aliyense avomere yekha, zomwe zimatenga nthawi nde ndisadikire semesita iyambe.

Ndasankha la kudalirika, mmene ophunzira a chaka choyamba amasankhira kuti ichi ndichikhulupirire ichi ayi. Zimenezi zikutanthauza kuti mapepala 5 mwa omwe ali mu tebulo langa sakugwiranso ntchito, ndawasunthira pa tsamba lina osawafufuta. Sabata yamawa ndikufuna kulemba funsolo mu chiganizo chimodzi ndi zolinga zitatu zochokera mmenemo, kusaka mapepala ena 10 okhudza kuunika zomwe wapeza pa intaneti makamaka omwe anaonerera ophunzira, ndi kuphunzira ma Heading a mu Word kuti table of contents izidzipanga yokha. Tsamba lakale lija ndalichotsa pakhoma, ndamatapo latsopano lomwe lili ndi funso la a supavaiza loti ndidzayeza bwanji.